Monstera yagona chammbali, tiimike bwanji m'nyumba ya lendi?

Nabanda (Leeds): Odi pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za monstera, duwa lokwera lija la masamba akuluakulu ong'ambika. Yanga tsinde lake latalika pafupifupi mita ndi theka, koma m'malo mokwera lagona chammbali kulondola windo, moti mphika wayamba kupendekeka, ndachita kuutsamiritsa ku mpando. Mizu yoyera yatulukira ku mabowo a pansi, ina yabulauni ikulendewera kuchokera pa tsinde mpaka pa kapeti. Ndikathira madzi amangodutsa osaima mpaka m'mbale. Mphika wake ndi wa masentimita 25 kukamwa. Nyumba ndi ya lendi, eni ake salola kukhoma msomali pakhoma. Ndiyambe chiti, kusintha mphika kapena kuika mtengo woichirikiza?

Mayi a Chisomo (Area 25): Chithunzi asisi, tione kaye.

Nabanda (Leeds): Ndatumiza ziwiri, chinacho ndajambula chakumbuyo.

Mayi a Chisomo (Area 25): Iii koma yakula bwino, masamba ake ndi athanzi. Zonse ziwiri muchitire limodzi. Mukayamba ndi mphika mtengo n'kudzabwera pambuyo, mudzachita kuubaya m'dothi osaona kumene ukupita, mudzadula mizu, komanso sudzafika pansi penipeni ndiye uzidzangogwedera. Mtengo umalowa poyamba mphika ulibe kanthu, duwa limabwera pambuyo.

A Mbewe (Zomba): Mayi a Chisomo anena zoona. Ine ndiwonjezere chimene ambiri amaphonya. Monstera ili ndi kumaso ndi kumsana. Tayang'anani chithunzi chanu chachiwiricho a Nabanda. Masamba onse akutulukira mbali imodzi, mizu yolendewerayo ikutulukira mbali inayo. Kumene kukutuluka mizuko ndiye kumsana, ndipo mtengo umaima kumeneko, tsinde litsamire pa iwo. Ndaonapo anthu atazika mtengo pakati pa mphika n'kukulunga masamba onse ndi chingwe kuzungulira. Imaoneka yoima masiku ochepa, kenako imayamba kupotoka kufunafuna pogwira.

Nabanda (Leeds): Zikomo bambo. Ndikuona tsopano, mizu yonse ikuloza kukhoma.

Jafali wa pa Ndirande: Ine funso langa ndi limodzi basi. Imadyedwa? Chinthu chikudya lendi ya balaza lonse, ku Mangalande komwe nyumba ndi yodula, koma osatulutsa ngakhale ndiwo za tsiku limodzi? kkkkk

Aphunzitsi (Mzuzu): A Jafali musayerekeze kutafuna tsamba lake. Ili m'banja limodzi ndi koko, banja lotchedwa Araceae, ndipo kuyabwa kumene mumamva pakhosi mukadya koko wosapsa bwino n'komweko, timinga tating'onoting'ono ta calcium oxalate. Mwana kapena mphaka akatafuna, mkamwa mumatupa n'kumatuluka dovu. A Nabanda, pogwira ntchitoyi valani magolovesi, madzi ake amayabwitsa khungu la anthu ena.

A Mbewe (Zomba): Chipatso chokha chimadyedwa a Jafali, koma cha m'nyumba musachiyembekezere. Kuno imene inakwera mtengo wa mango kuseri kwa nyumba imabereka. Chipatso chake n'chachitali pafupifupi masentimita 25, chokutidwa ndi timamba tobiriwira, ndipo chimatenga chaka kapena kupitirira kuti chikhwime. Umadya pokhapo pamene timambato tayoyoka tokha, kuyambira kumunsi, pang'onopang'ono masiku angapo. Kukoma kwake kuli pakati pa nanazi ndi nthochi. Ukasenda ndi mpeni chifukwa cha dyera, tsiku limenelo uzikanda lilime.

Jafali wa pa Ndirande: Chaka chathunthu kudikira chipatso chimodzi? Ndatuluka, pitirizani.

Nangozo (Johannesburg): Tibwerere ku mtengo. Asisi gulani moss pole, kapena pangani nokha. Mumatenga waya wa timabowo wokutidwa pulasitiki, kuupinda kuti ukhale chubu, n'kudzaza sphagnum moss (ndere yosunga madzi) yonyowetsa m'kati. Mizu yolendewera ija imalowa mmenemo n'kuyamba kumwa madzi, ndiye chomera chimakhala ndi mizu pa mfundo iliyonse, osati pansi pokha. Yanga chiiyikireni, tsamba lililonse latsopano likutuluka lalikulu kuposa linzake, ndipo layamba kukhala ndi mabowo a mzere wachiwiri pafupi ndi mtsempha wapakati.

A Mbewe (Zomba): Mwana wanga, kuthengo kulibe moss pole. Thabwa losapala, losapaka vanishi, likwanira. Mizu imakakamira pa khungwa louma la mango popanda wina woithirira.

Nangozo (Johannesburg): Bambo ku Zomba mpweya wake ndi wachinyezi, nkhungu imatsika m'phiri. Kuno ku Joni nthawi yozizira mpweya umauma mpaka milomo kung'aluka. Muzu ukagunda thabwa louma umangouma nsonga.

Ankolo a ku Manchester: Ndiloleni ndilowepo chifukwa nyengo ya a Nabanda ndi yanga yomwe. Moss pole ndi yabwino kwa munthu amene ali ndi nthawi. Heater ikayaka kuyambira Okutobala mpaka Epulo, moss imauma m'masiku awiri kapena atatu, ndipo ikaumiratu imakana madzi, ukathira pamwamba amangotsetsereka kunja n'kugwera pa kapeti ya eni ake. Munthu wogwira ma shift a usiku sangakwanitse. Komanso madzi otsika mu moss amathera mumphika, ndiye dothi limakhala lonyowa nthawi yomwe chomera sichikumwa kwenikweni. Zija zogulitsa m'masitolo zokulungidwa ulusi wa kokonati, zija ndi ndodo chabe, sizisunga chinyezi, ndipo kamtengo kake kolowa m'dothi n'kakafupi. Monstera ya mita ndi theka imazigwetsa.

Nabanda (Leeds): Ankolo mwandiwerenga, ndimagwira usiku ine. Ndiye ndichite chiyani?

Ankolo a ku Manchester: Funso ndi lakuti mukufuna chiyani. Ngati mukufuna masamba a pa Instagram, tsatirani a Nangozo. Ngati mukungofuna kuti iime musamapunthwe nayo, thabwa kapena nsungwi zitatu zonenepa zomangidwa pamodzi.

Aphunzitsi (Mzuzu): Onse awiri ali ndi mbali yawo yoona, ndifotokoze pang'ono mmene chomerachi chimakhalira kwawo. Monstera deliciosa kwawo ndi m'nkhalango za kumwera kwa Mexico kutsika mpaka Panama. Imamera pansi pa mitengo ikuluikulu, kumene dzuwa silifika. Mu 1975 akatswiri awiri, Donald Strong ndi Thomas Ray, anafalitsa zimene anaona pa mtundu wina wa monstera ku Costa Rica: mbande zikangomera zimakwawira kumene kuli mdima, osati kowala, chifukwa mdimawo ndi chithunzithunzi cha thunthu la mtengo. Ikapeza thunthu ndi pamene imatembenuka n'kuyamba kukwera, ndipo imatha kufika mamita 20. Masamba amakula n'kung'ambika pamene ikukwera kuyandikira kuwala. Ndiye chimene chimakulitsa tsamba ndi zinthu ziwiri, tsinde likhale ndi pogwira posagwedezeka, ndi kuwala kokwanira. Moss imathandiza chifukwa mizu imalowamo msanga, koma moss popanda kuwala palibe chochitika. Ku Leeds mu Disembala usana sukwana maola 8, pamene kuno ngakhale mu Juni timadutsa maola 11. N'chifukwa chake yanu a Nabanda yagonera ku windo.

Nabanda (Leeds): Ndiye masamba aang'ono opanda mabowo ali kumunsiwa adzang'ambika ndikaimika?

Aphunzitsi (Mzuzu): Ayi mayi. Tsamba limatuluka lili kale ndi mabowo ake pamene lili lokulungika. Limene linatuluka losang'ambika lidzakalamba choncho. Kusintha mudzakuona pa masamba atsopano.

Mayi a Chisomo (Area 25): Pa nkhani yomanga ndiye imvani bwino asisi, apa ndi pamene maluwa a makasitomala anga amawonongekera. Mumamanga tsinde, lonenepa lija lokhala ndi mfundo, osati phesi la tsamba. Mwana pomubereka chitenje chimagwira thupi, manja amakhala omasuka. Phesi lili ndi kabondo kumtunda kwake pafupi ndi tsamba, kamene kamapindika kuti tsamba lizitembenukira kowala, mukalimanga mwalipundula. Chinanso, tsamba latsopano limatuluka m'chimake chimene chili pa phesi la tsamba lomaliza. Mukamanga pamenepo limakanirira m'kati n'kutuluka long'ambika kapena kuwolera momwemo. Mfundo yomalizira ya kunsonga muisiye yosamanga. Chomangira chikhale chofewa komanso chotambalala, ine ndimang'amba nsanza za chitenje kapena malaya akale a thonje. Waya ndi ulusi wa nayiloni zimacheka. Musiye mpata wolowa chala chifukwa tsinde limanenepa.

Nangozo (Johannesburg): Velcro ya maluwa ija yobiriwira ndi yabwinonso, umamasula n'kumanganso osadula.

Bwana Gama (Blantyre): Ine ndingoti pa mphika musavutike kawirikawiri. Gulani chimphika chachikulu cha malita 60, kapena dulani dramu pakati, muiikemo kamodzi n'kuiwala zaka khumi. Kulemera kwakeko ndiye sikudzagwanso.

Mayi a Chisomo (Area 25): Ayi bwana, mukufuna kuwaphera duwa. Dramu ndi ya pabwalo, pamene dzuwa ndi mphepo zimaumitsa dothi. M'nyumba dothi lochuluka lopanda mizu limasunga madzi masabata, mizu imasowa mpweya n'kuwola. Masamba amayamba chikasu, ena madontho akuda, mwini wake n'kumaganiza kuti ndi ludzu, n'kumawonjezera madzi. Kuchokera pa 25 apite pa 30, mwina 32 chifukwa thabwa litenganso malo. Basi.

Bwana Gama (Blantyre): Nanga kugwa? Thabwa la mamita awiri mumphika wa pulasitiki wa 30, mwana akangolikhudza zonse pansi.

Ankolo a ku Manchester: Funso limenelo ndi lenileni. Njira yake ndi miphika iwiri. Duwa likhale mu wa pulasitiki wokhala ndi mabowo ambiri, umenewo muulowetse mu wina wolemera wadothi kapena wasimenti, m'mphepete mutsekere ndi njerwa kapena miyala kuti usagwedere. Thabwa ine ndimalimangirira ku mphika weniweniwo: ndimaboola timabowo tiwiritiwiri pakhoma la mphika, kumunsi ndi kumtunda, n'kukoka ndi ma cable tie, timalamba ta pulasitiki tomangira mawaya. Likatero silidalira dothi kuti liime. Kenako mphika ukhale pakona kapena pafupi ndi khoma, mutu wa thabwa utsamire khoma, muikepo kansalu kuti penti isakandike. Palibe msomali, landilodi alibe chonena. Denga la nyumba zambiri kuno ndi mamita 2.4, ndiye thabwa la 1.8 likwanira, mukumbukire kuti masentimita 25 kapena 30 alowa mumphika.

Nabanda (Leeds): Ankolo Mulungu akudalitseni, nkhani ya dipoziti ndi imene imandisowetsa tulo.

A Mbewe (Zomba): Pansi pa mphika muyale timiyala kapena zigoba za mphika wosweka kuti madzi azituluka bwino.

Aphunzitsi (Mzuzu): Bambo Mbewe mundikhululukire, apa pokha tisiyana. Madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala, amayamba adikira dothi likhute kaye. Ndiye miyala ya pansi imangokweza malo onyowa aja kuwabweretsa pafupi ndi mizu, n'kuchepetsanso malo a dothi. Chigoba chimodzi chophimba bowo kuti dothi lisatayike, chimenecho chilibe vuto. Chotulutsa madzi ndi dothi lokhala ndi zibuma kuyambira pamwamba mpaka pansi.

A Mbewe (Zomba): Aphunzitsi, ine ndinayamba kuika miyala inu musanayambe sukulu, ndipo maluwa anga alipo.

Aphunzitsi (Mzuzu): Alipo chifukwa dzanja lanu limadziwa kuthirira bambo, osati chifukwa cha miyala.

A Mbewe (Zomba): Kkkkk mwandinyengerera. Miyala ndiika basi.

Nabanda (Leeds): Nanga dothi ndisakanize chiyani?

Ankolo a ku Manchester: Kuno n'kosavuta. Compost ya maluwa a m'nyumba gawo limodzi, makungwa oswa obzalira maluwa a orchid gawo limodzi, perlite (timiyala toyera topepuka) gawo limodzi. Perlite muinyowetse kaye musanasakanize, fumbi lake limatsokomoletsa. Mukafinya m'manja chosakanizacho chili chonyowa, chizimwazika mukatambasula dzanja. Chikaumbika chibuma ndiye kuti compost yachuluka.

Mayi a Chisomo (Area 25): Kwa ife a kuno perlite ndi yosowa komanso yodula. Ine ndimatenga manyowa owolerana bwino, makungwa a paini oswa tizidutswa, makala osinja osafika pa fumbi, ndi mankhusu a mpunga. Mchenga ukhale wokhakhala wa kumtsinje, osati wosalala wa pulasitala. Katondo ndi makande musayese n'komwe, zikauma mumphika zimalimba gwa, madzi n'kumadutsa m'mphepete. Manyowa a nkhuku aawisi amawotcha mizu.

A Mbewe (Zomba): A Nabanda, ndakulitsa chithunzi chanu choyamba. Mumphikamo muli mitengo ya monstera iwiri, si umodzi. Wamkulu wagonera ku windo, koma pali wina wamfupi kumanzere, ndipo msana wake waloza kwina.

Nabanda (Leeds): Ndapita kukayang'ana. Zoonadi bambo, masinde ndi awiri! Maso anu ndi akuthwa.

Nangozo (Johannesburg): Ogulitsa amatero dala, amabzala ziwiri kapena zitatu mumphika umodzi kuti uoneke wodzaza. Zikakula chilichonse chimalowera kwake, n'chifukwa chake imatenga malo ambiri chonchi.

Nabanda (Leeds): Ndiye ndizilekanitse?

Nangozo (Johannesburg): Ine ndingalekanitse. Viikani chibuma cha mizu m'bafa la madzi ofunda pang'ono, dothi lisungunuke, muzimasula ndi zala modekha. Mizu ina idzaduka, zimenezo musadandaule nazo. Yaing'onoyo ipite mumphika wakale uja, mwapeza maluwa awiri.

A Mbewe (Zomba): Ngati mizu yalukana kwambiri musalimbane nayo. Mukhoza kuzisiya limodzi, thabwa n'kulowa pakati, wina atsamire mbali iyi wina mbali inayo. Kungoti wa kumbuyoyo masamba ake azidzayang'ana khoma, adzavutika kupeza kuwala. M'nyumba ya windo limodzi kulekanitsa kuli bwino, misana yonse iloze kukhoma.

Mayi a Chisomo (Area 25): Mukalekanitsa ndiye mphika wa 30 uja mwina ukula, muone kaye kuchuluka kwa mizu ya wamkuluyo musanagule. Mpata pakati pa mizu ndi khoma la mphika ukhale wa zala ziwiri kapena zitatu. Tsiku la ntchitolo mupeze munthu wokuthandizani, nokha simungathe. Thirirani dzulo lake kuti ituluke mosavuta. Yalani shiti yakale pansi, mugoneke duwa chammbali, wina agwire tsinde ndi masamba inu muzikoka mphika. Ngati mizu yatulukira ku mabowo yakana, dulani mphika osati mizu. Muzu wabwino ndi wolimba, woyera kapena wachikasu pang'ono. Wakuda, wofewa, wonunkha, umene khungu lake limavuka mukaukoka, dulani ndi sizasi yotsuka bwino. Pobzala chibuma cha mizu chikhale chakumbuyo, chogundana ndi thabwa, osati pakati pa mphika. Tsinde lisalowe mozama kuposa mmene linalili kale.

Ankolo a ku Manchester: Ndipo musaliwongole tsiku limodzi. Tsinde limene lakula chogona ndi lolimba, mukalikakamiza limathyoka pa mfundo, mumangomva kuti thyo. Pendeketsani chibuma cha mizu mumphika momwemo kuti tsinde liloze m'mwamba mmene lingathere, mumange kumunsi kaye, kumtunda mumange molekerera. Sabata iliyonse muzikoka pang'ono. Pena pake likhalabe lopindika mpaka kalekale, zilibe kanthu. Mukamaliza idzaoneka yonyansa, masamba ena atayang'ana kudenga ena pansi, musachite mantha n'kuyamba kumasula. Pakatha masabata awiri kapena atatu amatembenuka okha. Komanso mphika musamauzungulize ngati mmene timachitira ndi maluwa ena, kumaso kwake kuziyang'ana ku windo nthawi zonse.

Nabanda (Leeds): Mizu yolendewerayi ndidule? Ina yalowa pansi pa kabati.

Nangozo (Johannesburg): Yofewa ipindeni mulowetse m'dothi, ikalowa imaphuka timizu n'kuyamba kudyetsa chomera, komanso imachirikiza tsinde. Youma yolimba muiviike kaye m'madzi kuti isathyoke popinda. Ya pansi pa kabatiyo mukhoza kudula, umodzi kapena iwiri sizipha duwa, koma musamete yonse. Muziyang'aniranso isagwire khoma, imamatirira pa penti ndipo pochotsa imachoka nayo.

Aphunzitsi (Mzuzu): Chotsala ndi nthawi. Kwanuko ino ndi Febuluwale, chomera chikadali mtulo. Ngati mpando ukuchigwirabe, dikirani kumapeto kwa Malichi kapena Epulo, mukaona tsamba latsopano likusuzumira. Mizu yovulala imapola msanga chomera chikamakula, pamene m'dothi lozizira imachedwa n'kuwola. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 10 monstera imasiya kukula. Kwa ife a kuno ndi a ku Joni ndi kuyambira Seputembala, Juni ndi Julayi ayi. Mukasintha mphika thirirani kamodzi mokwanira mpaka madzi atuluke pansi, tayani a m'mbale, kenako dikirani dothi liume kuya kwa chala musanathirenso. Feteleza aime kaye mwezi umodzi kapena sabata zisanu ndi imodzi.

Nabanda (Leeds): Ndidikira Epulo, mpando ugwire ganyu kaye. Panopa ndiyambe kusaka thabwa.

Bwana Gama (Blantyre): Ine ya mudramu ili bwinobwino pakhonde, ndangonena.

Mayi a Chisomo (Area 25): Pakhonde bwana, mwanena nokha.

Nachisale (Kasungu): Pepani ndabwera mochedwa, ndawerenga zonse. Langa ndi vuto lina. Ndinaika nsungwi, koma kumunsi kolowa m'dothi kwawola, ndipo chiswe chalowa kudzera pa bowo la mphika. Mizu yagwira kale nsungwiyo kumtunda. Ndichotse bwanji osaiwononga?

A Mbewe (Zomba): Musachotse yonse mayi. Dulani nsungwiyo pamwamba pa dothi pamene pathera zowola, chowolacho muzule pamodzi ndi dothi lachiswe. Kenako zikani paipi ya pulasitiki kapena chitsulo chopaka penti kumbuyo kwake mpaka pansi pa mphika, nsungwi yakaleyo muimangirire kumeneko mizu ili chigwirire. Mphika muukweze pa njerwa kapena pa kachitsulo, usagunde dothi, chiswe chimakwera kuchokera pansi.

Ankolo a ku Manchester: Zomwezonso pa thabwa a Nabanda. Mbali yolowa m'dothi muipake penti yosalowa madzi kapena muiveke pulasitiki, kumtunda kokha ndiye kukhale kosapaka kuti mizu igwire.

Nachisale (Kasungu): Paipi ya mainchesi angati bambo?

A Mbewe (Zomba): Ya inchi ndi theka kapena awiri, yokhuthala ija ya madzi. Yopyapyala ya mawaya a magetsi imapindika ikamva kulemera.